Kodi Wotaya Khasu ndi Mlesi?

Kwathu kutsinde kwa phiri la Ntchisi munthu amadziwika ndi munda wake. Ukafika mwezi wa Okutobala, aliyense wodutsa m'njira amaponya diso. Amene wasosa, watentha mapesi ndi kuunga mizere yowongoka ndiye munthu. Amene m'munda mwake mudakali zinyalala ndiye mlesi, woti mwana wako asakakwatiweko. Ine ndidakula ndi muyeso umenewu, ndipo ngakhale ndakhalitsa m'tauni pa ntchito ya boma, sudandichoke m'mutu.

N'chifukwa chake ndidachita manyazi nditapita kumudzi pa Khirisimasi ina, n'kupeza mlongo wanga atabzala chimanga pansi posalima, pakati pa mapesi oyalika, m'munda umene adatisiyira malemu mayi athu. Ndidamufunsa ngati ndalama ya aganyu imene ndidatumiza idasochera panjira. Mvula n'kuti itadula masabata awiri, chimanga cha anansi chitayamba kupota masamba. Iye adangowerama, nafukula mapesiwo, n'kutapa dothi lakuda lachinyontho momwe mudali nyongolotsi ziwiri.

"Achimwene," adatero, "aganyu anga ndi awa. Salipiritsa, ndipo amalima usiku ndi usana."

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa: kodi khama la munthu tiziliyeza ndi thukuta limene wakhetsa, kapena ndi moyo wa chinthu chimene wasamala?

Tiyambe ndi mizereyo. Ambiri timaganiza kuti ndi mwambo wa makolo, chikhalirecho m'madera ambiri makolo ankalima mitumbira. Mizere yopingasa phiri idafala ndi boma la atsamunda, makamaka litakhazikitsa lamulo loteteza zachilengedwe la 1946. Wokana ankalipitsidwa chindapusa, ena ankamangidwa. Anthu adadana nawo malimidwe amenewa, kotero kuti mu 1953 Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu idachotsedwa pampando chifukwa, mwa zina, idauza anthu ake kuti asamvere malamulowo. Taonani tsono: chimene agogo athu adachilandira ndi chikoti, ife lero tachisandutsa muyeso wa umunthu.

Sindikuti mizere ilibe ntchito. Pamtsetse imachedwetsa madzi othamanga. Vuto lagona pa kuiphwanya ndi kuiunganso chaka ndi chaka, titayamba tatentha chofunda chake cha nthaka. Khasu limalekeza pamodzimodzi nthawi zonse, ndipo pansi pakepo pamauma gwa ngati pabwalo, moti mizu ndi madzi zimalephera kubowola. Madontho a mvula yoyamba akamenya dothi lamaliseche lija, limasungunuka n'kutsetsereka. Kafukufuku amene bungwe la FAO lidachita pamodzi ndi boma adapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya matani pafupifupi 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Amenewo ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Wina atatibera matumba 580 a chimanga tingalire mpaka kwa mfumu yaikulu, koma mtsinje wa Bua ukafiira timangoti mvula yagwa bwino. Munda woyera mbee uja ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ulimi wa mtayakhasu, umene alangizi amautchanso mleranthaka, uli ndi mfundo zitatu: osagalauza nthaka, kuiphimbira ndi mapesi, ndiponso kusinthanitsa chimanga ndi mbewu monga mtedza, soya kapena nandolo. Mabungwe a Total LandCare ndi CIMMYT adauyesa pamodzi ndi alimi a ku Dowa ndi Nkhotakota kuyambira m'zaka za m'ma 2000. Mapesi amatchinga dzuwa ndi madontho a mvula, akawola amasanduka chakudya cha tizilombo ta m'nthaka, ndipo mauna a tizilomboto ndiwo misewu ya madzi ndi mpweya. Ngakhale Charles Darwin, katswiri wa ku Mangalande, buku lake lotsiriza la mu 1881 lidali lonena za ntchito ya nyongolotsi.

Apa ndipo pagona phunziro. Pali ntchito ina imene imaoneka, ina siioneka. Ife timalemekeza yoonekayo chifukwa imatipatsa mboni: matuza m'manja, msana wopweteka, anthu oyamikira m'njira. Ngakhale mu ofesi ndaona kuti wotamandidwa ndi amene amathamanga ndi mafayilo m'makonde, osati amene adaletsa vuto lisadabadwe. Koma kudziletsa nakonso ndi ntchito, ndipo n'kovuta kuposa kugwira khasu, pakuti wodziletsa amasenza chitonzo. Namwino wabwino satukula bandeji ola lililonse kuti aoneke wakhama. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe tisanamizane, khasu silitayidwa mwaulere. Zaka zoyamba udzu umavuta, ndipo wopanda ndalama ya mankhwala amazula ndi manja. Mapesi omwewo akufunidwa ndi ng'ombe, akufunidwanso pamoto. Tikakolola timatayirira mbuzi, anyamata osaka mbewa nawo amayatsa moto, ndiye chofunda cha chaka chonse chimapsa madzulo amodzi. Mlongo wanga zidamuchitikirapo kawiri. Ambiri amene adayamba ulimiwu adausiya pa zifukwa zotere, ndipo sindingawaweruze.

Izi zikutiphunzitsa kuti funsoli si la mlimi mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Nthaka ya munthu singachire ngati mudzi sudagwirizane za moto ndi ziweto, ndiponso ngati sudaleke kuseka wophimbira. Pachichewa munda umayenda m'mbumba, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Wolima lero ndi msungi chabe. Tsono msungi wokhulupirika ndi uti: wobweza munda wosesa bwino koma wotsala miyala, kapena wobweza wazinyalala koma wamoyo?

Masiku ano ndikamadutsa m'mapiri a Dowa popita kwathu, ndimaponyabe diso m'minda ya eni monga ndidazolowera. Kungoti ndikaona mapesi oyalika sindifulumiranso kupukusa mutu. Ndipo ndalama ija ya aganyu, mlongo wanga adagulira mbewu ya nandolo.