Kodi Wothamanga Aime pa Chitunda?

Amene adziwa misewu ya kwa Msakambewa adziwanso kuti mpikisano wa liwiro sugamulidwa pa chidikha. Ugamulidwa pa chitunda, makamaka m'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa liswa mtengo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Pomwepo wotsogola afooka, ndipo wam'mbuyo ayenera kusankha: ampitirire, kapena aime?

Kupitirira munthu wotopa si tchimo ai. Onse awiri adachivomera chitundacho poyamba, ndipo kwa mnyamata wosauka mphothoyo ingakhale thumba la feteleza. Koma mnzake akagwa nayamba kubwebweta, ndiye kuti kutentha kwamlowa m'thupi, ndipo angathe kufa asanafike ku chipatala. Apo lamulo lachisanu la Mulungu liposa malamulo onse a mpikisano.

Tsono ulipo mlandu wina wovuta koposa. M'chaka cha 2012, ku Burlada m'dziko la Spain, Abel Mutai wa ku Kenya adaima asanafike pa mzere womaliza, poyesa kuti watsiriza. Iván Fernández, amene anali pambuyo pake, sadampitirire. Adamlozera kutsogolo, namtsata, nalandira malo achiwiri. Panalibe moyo wa munthu pangozi, panalibenso lamulo lomkakamiza. Mphunzitsi wake, Martín Fiz, adanena poyera kuti akadakhala iye akadapambana. Pa malamulo Fiz sadalakwe. Koma Fernández adadziwa chimene oweruza sakadalemba m'buku mwao: pamene onse awiri anali kuthamanga ndi mphamvu zao zonse, iye adalephera kumpeza Mutai.