Kukatumikira Kunja Modzipereka: Kodi Muli Phindu?



Pa Luka mutu 10, Ambuye Yesu akutuma ophunzira 72 awiriawiri kumidzi yachilendo. Akuwaletsa kunyamula chikwama cha ndalama, ndipo akuwauza kuti azidya zimene eni nyumba awapatsa. Anthu amenewa adapita kukapereka, koma pobwerako adali odzaza ndi chimwemwe.

Mpingo wathu udafika kuno mwa njira yomweyo. Mu 1901 ansembe a Montfort adakhazikika ku Nzama m'boma la Ntcheu, ndipo mu 1902 a White Fathers adatsegula mishoni ya Mua. Adasiya kwao, naphunzira chilankhulo chathu. Mu 1969, ali ku Kampala, Papa Paul VI adauza Akhristu a mu Africa kuti nthawi yakwana yoti akhale amishonale pakati pa anzao. Mawu amenewa akukhudzanso ife akhristu eni ake, makamaka achinyamata amene mwatsiriza sukulu ndipo ntchito sikupezeka.

Makolo ambiri amafunsa kuti, “Tavutika ndi fizi kuti mwana akagwire ntchito yaulere?” Funsoli n'lomveka, choncho tiyeni tiliyankhe.

Phindu loyamba ndi la mumtima. Kuchilendo munthu umakhala ngati mwana: umafunsa njira, umalakwitsa mawu, umadya zimene sudazolowere. Pamenepo kudzikuza kwa digiri kumatha, ndipo umaphunzira kudalira Mulungu ndi anthu ake. Wolawa ulendo wotere akabwerera sanyozanso othawa kwao amene tili nawo ku Dzaleka.

Phindu lachiwiri ndi la pantchito. Olemba ntchito amafuna munthu amene adagwirapo kale ntchito. Namwino amene wathandiza pamsasa wa othawa nkhondo amadziwa kusamala odwala ambiri ndi zipangizo zochepa. Mphunzitsi wotumikira ku Tete amabwerako akulankhula Chipwitikizi, wa ku Tanzania akulankhula Chiswahili. Amaphunziranso kulemba malipoti, kusunga ndalama za gulu mokhulupirika, ndi kugwira ntchito ndi anthu azikhalidwe zina. Kalata yaumboni yochokera kumeneko imalemera pofunsira ntchito.

Njira zoona zilipo. Bungwe la United Nations Volunteers, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1970, limapereka ndalama yokhalira mwezi ndi mwezi kwa amene lawatuma. Mu Mpingo tili ndi Jesuit Refugee Service, imene Bambo Pedro Arrupe adayambitsa mu 1980. Mungafunsenso zipani za ansembe ndi asisteri zimene zili ndi nyumba m'maiko oyandikana nafe.

Koma tichenjere. Alipo akamberembere pa WhatsApp ndi Facebook amene amalonjeza mwayi wakunja, nafuna ndalama ndi pasipoti yanu. Alongo athu ena adanyengedwa motero mpaka kukazunzika m'nyumba za anthu ku Oman. Musanasaine kanthu, kambiranani ndi makolo ndi Bambo Mfumu, ndipo fufuzani bungwelo bwino lomwe.

Tiyesenso mitima yathu. Amene akufuna kungothawa mavuto a kuno sachedwa kukhumudwa akafika uko. Mtima wotumikira umayambira pamphakati: kuyendera odwala, kuphunzitsa ana katekisimu, kusesa m'tchalitchi. Amene wakhulupirika pa zimenezi ndiye woyenera kutumidwa kutali, ndipo akadzabwera, luso lakelo lidzapindulira parishi ndi dziko lathu.

Ambuye atipatse achinyamata olimba mtima, ndi makolo owadalitsa ponyamuka. Amen.