Yamba ndi Sutikesi ya Anganga

Mdzukulu wanga, ndamva kuti wayamba kufunafuna ndalama zachitsulo zakale, zija zasiliva. Anzako akukuseka, koma ine sindikuseka. Chimene ndikuletsa n'kuthamangira kwa ogulitsa a pa Facebook usanafufuze kwathu kuno kwa Kalembo. Amuna ambiri a kuno anapita ku Joni pa Wenela, ena ku Halale, ndipo tindalama tina tinatsalira pansi pa sutikesi, m'kachitini ka fodya, kapena pamfundo ya nsalu ya anganga. Pita ukakhale nawo pamphasa, uwalonjere bwinobwino, nkhani ya ndalama ibwere pambuyo. Akakana, usawakakamize. Mwina shilingi imeneyo ndi yokhayo imene malemu amuna awo anawasiyira.

Ikafika m'manja mwako, usatengeke ndi kuwala kwake. Werenga dzina la dziko ndi chaka. Ndalama za Southern Rhodesia, zimene zinkayendanso kuno ku Nyasaland, zinayamba kusulidwa mu 1932, ndipo zoyambazo zinali siliva pafupifupi yekhayekha, magawo 925 pa 1,000. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri anamuchepetsa, moti za 1944 mpaka 1946 zili ndi theka lokha. Kuyambira 1947 anamuchotseratu m'ndalama za tsiku ndi tsiku. Za ku Britain nazonso chimodzimodzi: siliva wabwino mpaka 1919, theka kuyambira 1920, kenako 1947 anatha. Za ku South Africa n'zimene zinapitirirako, mpaka m'zaka za m'ma 1960. Chaka cha 1947 chimenechi uchisunge pamtima, chidzakupulumutsira ndalama zako.

Uzizolowerenso zithunzi zake. Pa tiki ya Southern Rhodesia pali mikondo itatu, pa sikisi pali nkhwangwa ziwiri, pa shilingi pali mbalame yamwala ya ku Zimbabwe, ndipo pa ya mashilingi awiri pali mphalapala.

Nanga za chitaganya, zolembedwa Rhodesia and Nyasaland kuyambira 1955? Mulibe siliva. Ngakhale zathu za 1964 za nkhope ya Kamuzu, sikisi ya tambala ndi shilingi ya chimanga, mulibe. Koma usazitaye. N'zimene tinkagulira mchere ndi palafini kwacha isanabwere mu 1971, pamene mashilingi 10 anasanduka kwacha imodzi. Uzingozisunga padera, pamodzi ndi makobiri aja obowoka pakati.

Wina pamsika wa Ulongwe adzakuuza kuti ndalama ikakana maginito ndiye kuti ndi siliva. Bodza limenelo. Za pambuyo pa 1947 nazonso sizigwira maginito. Kulira kwake ukaigogoda pang'ono kumathandizako, chifukwa siliva amalira motalika, koma khutu limanyenga. Chaka sichinyenga kawirikawiri. Ndipo amene akubwera usiku, akunong'ona kuti ndalama yakuti ili ndi mphamvu zachilendo ndipo pali mzungu akuifuna ndi mamiliyoni, bola uyambe wapereka kenakake, ameneyo ndi kathyali. Mutsekere chitseko.

Tsopano chachikulu: usaitsuke. Ndikudziwa, kuno chilichonse chakuda timachikwecha ndi phulusa kapena mchenga ngati poto. Ndalama ukaitero waipha. Timizere timene mchenga umasiya sitichoka, ndipo odziwa amatsitsa mtengo akangotiona. Kuda kuja n'kumene kumachitira umboni kuti yakhalitsa. Mandimu nawonso ayi. Poigwira, gwira m'mphepete, zala zisakhudze nkhope, pakuti thukuta la kuno kotentha limasiya madontho.

Iliyonse uikulunge payokha m'kapepala kouma kuti zisamakhulane, uziike m'chitini chotseka bwino, kutali ndi chinyezi cha dzinja. Pakapepalapo ulembe chaka, dziko, amene anakupatsa, ndi kumene iwo anaitenga. Za mgodi umene ankagwirako uwafunse tsiku lomwelo, usadikire ulendo wina.

Poyamba usafune zonse. Sankha mtundu umodzi, kaya matiki okhaokha, uziyesa kupeza chaka ndi chaka. Ukapeza ziwiri zofanana, inayo usinthane ndi mnzako wa ku Liwonde kapena ku Mangochi amene ali ndi chaka chimene ukusowa.