Mandasi a Nabanda

Padangokhala mayi wina dzina lake Nabanda, wogulitsa mandasi pamsika. Otsala ankadya yekha madzulo, kumwera tiyi wa masipuni anayi a shuga. Atakwatiwa ndi Phiri thupi linabwera, anthu n'kumati, "Phiri amadziwa kusunga mkazi." Iye ankanyadira, poti kumudziko munthu akaonda amayamba kumunong'ona za matenda.

Zaka zitatu zinatha kumsana kulibe mwana. Kumwezi ankapita mwa apo ndi apo, mwina miyezi itatu osaona kanthu. Apongozi anamutengera kwa sing'anga, mphini anatemera, mbuzi inapita, koma ayi ndithu.

Tsiku lina Phiri anati, "Mayi, tiyeni kuchipatala tonse awiri. Mwina vuto ndi ine."

Anawayeza onse. Mbewu ya Phiri inali bwino. Nabanda atakwera sikelo, inaonetsa makilogalamu 92, chonsecho anali wamfupi.

"Amayi, simuli wosabereka," anatero namwino mofatsa. "Mafuta akachuluka m'thupi amasokoneza mahomoni, ndiye dzira silikhwima mwezi ndi mwezi. Ngakhale mimba ibwere, pamakhala chiopsezo cha shuga, kuthamanga kwa magazi kapena kupita padera. Musadzimane chakudya, musagulenso mankhwala oondetsa. Kuchotsa makilogalamu 5 mpaka 9 mwa 92 amenewa, pang'onopang'ono, kumathandiza ambiri kuti msambo ubwerere m'malo."

Kuyambira pamenepo mandasi otsala ankagawira ana a sukulu. Ufa woyera unalowedwa m'malo ndi mgaiwa, mitanda iwiri basi, ndiwo zake bonongwe, nkhwani, nyemba ndi usipa. Kabaza anamusiya, kumsika n'kumayenda pansi, Phiri atasenza beseni. Sizinali zophweka: fungo la mafuta otentha linkamukoka m'mawa uliwonse, ndipo masiku ena ankagonja.

Apongozi ataona chitenje chikukulunga kawiri anadandaula. "Mwana wanga, mkaziyu ukumumana chakudya? Anthu atiseka!"

"Asekeni, amayi," anayankha Phiri. "Amene ankatiyamikira aja anatipatsa chiyani?"

Patatha miyezi isanu ndi itatu sikelo inaonetsa 84, ndipo kumwezi ankapita pa nthawi yake. Dzinja lotsatira msambo unasowanso. Nabanda anachita mantha kuti vuto labwerera, koma namwino atamuyeza anamwetulira, n'kumuuza tsiku loyamba sikelo ya amayi oyembekezera.

Madzulo ake apongozi anafika okha, atanyamula dengu la bonongwe.