Yesu Anaima Chifukwa cha Mayi Mmodzi

Mawu a lero: Marko 5:21-43

Chaka chimene m'nyumba ya Yairo, mkulu wa sunagoge, munamveka kulira kwa khanda, m'nyumba ina mayi wina anayamba kudwala. Mwana wa Yairo anakwawa, anayenda, anakula mpaka kufika zaka 12, ndipo nthawi yonseyo mayi uja anali akungotaya magazi. Marko satchula dzina lake. Akungotiuza kuti anazunzika m'manja mwa asing'anga ambiri, chuma chake chonse chinathera komweko, koma m'malo mopezako bwino matenda anankirankira. Aliyense amene anagulitsapo mbuzi kapena thumba lomaliza la chimanga kuti apeze ya thiransipoti ndi mankhwala, n'kubwerera kunyumba wodwala ali chimodzimodzi, akudziwa kulemera kwa mawu amenewa.

Ululu wa m'thupi sunali wokha. Malinga ndi Levitiko 15:25-27, mkazi wotaya magazi kupitirira masiku ake ankatengedwa kuti ndi wodetsedwa nthawi yonse imene matendawo alipo. Pogona pake ndi pokhala pake panali podetsedwa, ndipo wokhudza zimenezi ankayenera kuchapa zovala, kusamba, n'kukhala wodetsedwa mpaka madzulo. Tangoganizani, zaka 12 anthu akulambalala mphasa imene mwakhalapo, zaka 12 osaloledwa kulowa m'Kachisi kukapembedza pamodzi ndi anzanu. N'chifukwa chake atamva za Yesu sanachite ngati Yairo, mkulu wa sunagoge, amene anabwera poyera, kugwada pamaso pa onse, n'kunena vuto lake momveka. Iye anadzera kumbuyo, m'kati mwa chipiringu cha anthu, n'cholinga chongokhudza chovala basi. Mateyu ndi Luka amati anakhudza mphonje ya chovalacho.

Chikhulupiriro chake sichinali cha mtundu umene timauombera m'manja kutchalitchi. Chinali chamantha, chobisala, chosalimba mtima ngakhale kupempha. Komabe chinalunjika kwa woyenera, ndipo pomwepo magazi analeka, iye anamva m'thupi kuti wachira. Ngati lero pemphero lanu likuoneka lofooka, loti mawu akuthera pakhosi, musalinyoze. Mphamvu sinali m'dzanja la mayiyo, sinalinso mu nsalu. Inali mwa Yesu.

Nkhaniyi ikanathera pomwepa. Mayi wachira, azipita kwawo mwakachetechete, Yesu naye apitirize ulendo, poti kwa Yairo mwana wamkazi mmodzi yekhayo ali kayakaya. Koma Yesu anaima. Anatembenuka n'kufunsa kuti wamukhudza ndani. Ophunzira ake anadabwa nalo funsolo, chifukwa anthu ankamupanikiza mbali zonse. Iye sanasunthe. Anayang'anayang'ana mpaka mayi uja anatulukira akunjenjemera, n'kudzigwetsa pamapazi pake, n'kuulula zonse. Luka akuwonjezera kuti ananena zimenezi anthu onse akumva.

Kodi bwanji Yesu anamuika pambalambanda munthu amene ankafuna kubisala? Ine ndimakhulupirira kuti apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse. Mayiyu akanachoka mwakabisira, akanapita ndi thupi lochira koma mtima wodziona ngati waba chinthu chosayenera iye, mwinanso woopa kuti wadetsa mphunzitsi woyera. Anthu akwawo akanapitiriza kumusala, poti akanawauza ndani kuti wachira? Yesu sanafune kuti atenge machiritso okha n'kusiya wochiritsayo osadziwana naye. Pamaso pa khamu lonse anamutcha mwana wake, anayamikira chikhulupiriro chake, n'kumulola kupita ndi mtendere. Amene kwa zaka 12 ankadziwika ndi matenda ake anapatsidwa malo m'banja. Thupi lija, ngakhale linachira tsiku limenelo, linadzatsikira kumanda monga matupi onse. Koma umwana umene anaulandira palibe manda amene angaukwirire. Chipulumutso ndi chimenecho: Mulungu kukulandira iwe wathunthu, ndi manyazi ako, ndi machimo ako, n'kukuitana kuti mwana wanga chifukwa cha Khristu amene anakufera.

Tisamuiwale Yairo. Pamene zonsezi zinkachitika iye anali chiimire, mtima uli kunyumba. Yesu ali chilankhulire ndi mayi uja, uthenga unafika woti mwana wamwalira, asavutitsenso mphunzitsi. Ena mwa inu muli pamalo a Yairo. Mumamva anzanu akuchitira umboni kuti achira, inu muli pakhonde la chipatala monga gadiyani, mukuphika phala loti wodwala wanu sangathe n'komwe kumeza. Yesu anamulimbikitsa Yairo kuti asaope, apitirize kukhulupirira, ndipo anapita naye limodzi mpaka m'nyumba ya maliro, n'kudzutsa mwanayo. Kuima kwake chifukwa cha wina sikunali kumuiwala Yairo. Dalitso la mnzanu silinadye gawo lanu.

Pali choonadi china chimene Baibulo silibisa, ngakhale maulaliki ena amachilumpha. Si onse okhulupirira amene anachira. Elisa, mneneri amene kudzera mwa iye Namani anachira khate, anadwala matenda amene anafa nawo, monga tikuwerengera pa 2 Mafumu 13:14. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, ndipo yankho limene analandira pa 2 Akorinto 12 linali lonjezo la chisomo chomukwanira, munga uli pomwepo. Paulo yemweyo anasiya mnzake Trofimo akudwala ku Mileto, ndipo Timoteo ankavutika m'mimba kawirikawiri. Ndani angaimirire n'kunena kuti anthu amenewa analibe chikhulupiriro? Ophunzira atafuna kudziwa kuti anachimwa ndani kuti munthu wina abadwe wosaona, Yesu pa Yohane 9 anakana kuti vutolo linachokera ku tchimo la munthuyo kapena la makolo ake. Choncho m'bale wanga, mlongo wanga, ngati mwapemphera, mwasala kudya, akulu a mpingo akupemphererani, koma matenda akadalipo, musadziweruze. Kudwala kwanu si umboni woti Mulungu wakutayani.

Zimandipweteka mtima ndikamva kuti wodwala wauzidwa kuti ataye ma ARV, asiye mankhwala a BP kapena a shuga, kuti aonetse kuti amakhulupirira. Zimapwetekanso kuona munthu wosauka akupereka ndalama yake yomaliza kugula kabotolo ka madzi kapena mafuta odzozedwa. Mayi uja anali atatha kale chuma chonse, ndipo Yesu sanamulipiritse kanthu. Luka, amene analemba Uthenga Wabwino ndi buku la Machitidwe, anali dokotala, ndipo Paulo pa Akolose 4:14 amamutchula mwachikondi ndi ntchito yake yomweyo. Kuno kwathu mipingo yomwe inabweretsa Baibulo ndi yomwenso inamanga zipatala monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo ndi St Luke's ku Malosa. Sanaone kusemphana pakati pa pemphero ndi jakisoni. Nzeru za namwino ndi dokotala nazo ndi mphatso ya Mulungu, ndipo kumwa mankhwala mokhulupirika ndi njira imodzi yosamalira moyo umene iye anakupatsani.

Pempherani kuti muchire, ndipo pempherani molimba mtima, chifukwa Ambuye amachiritsa. Koma musaimire pa mphonje pokha. Bwerani kutsogolo, mumuuze zonse monga anachitira mayi uja: mantha anu, kukhumudwa kwanu, ngakhale tchimo limene mwalisunga zaka zambiri osauzako munthu. Iye amene anaima chifukwa cha mayi wopanda dzina pamene munthu wolemekezeka ankamudikira, sadzakupitirirani inu.

Ndipo inu amene muli bwino, pali wina m'dera lanu kapena mumpingo mwanu amene wadwala nthawi yaitali mpaka anthu anatopa kumuzonda. Lero pitani mukamuone. Musakamufunse kuti analakwa chiyani. Mukakhale naye pansi, mukamugwire dzanja, mukapemphere naye, ndipo tsiku lokatenga mankhwala likakwana mukamuperekeze kuchipatala.