Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto

Mwambi wakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto unachokera pa zimene anthu amaona m'chilimwe, pamene moto wolusa wa m'tchire umazima ukafika pa dambo, malo achinyontho amene udzu wake suuma msanga, ndipo tanthauzo lake n'lakuti munthu wamkulu amaziziritsa mkwiyo wa ang'onoang'ono.

Filimu yaifupi ya ku Greece ya mu 2007, imene anaitsogolera Constantin Pilavios, imaonetsa zimenezi m'mphindi pafupifupi zisanu. Bambo okalamba amafunsa mobwerezabwereza dzina la kambalame kena, ndipo mwana wawo wamwamuna, amene ndi wamkulu kale, amayankha kuti ndi mpheta mpaka kutopa n'kuwakalipira. Bambowo sabweza mawu, koma amakatenga kabuku kamene ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, mmene mwanayo amawerenga kuti ali ndi zaka 3 anafunsa funso lomwelo maulendo 21, iwo n'kumamuyankha mwachikondi ulendo uliwonse.

Chomvetsa chisoni n'chakuti panafunika umboni wolembedwa kuti mwanayo azindikire kuleza mtimako, pamene abambo ambiri amene analera ana awo mofananamo sanalembe kalikonse.