Anatsalira Amantha

Pa 9 Julayi 1944, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, Donald Pucket wa ku Colorado m'dziko la America ankayendetsa ndege ya B-24 yokaponya mabomba pa malo oyengera mafuta ku Ploesti, ku Romania. Adani anaiwombera ndegeyo. Msilikali mmodzi anafera pomwepo, ena anavulala kwambiri.

Ataona kuti ndege sikafika, Pucket analamula onse kuti adumphe ndi maparachuti. Atatu, mantha atawagwira, anakana. Anzake anamuchonderera kuti adzipulumutse, koma iye anatsala, nayesetsa kuiwongola ndegeyo mpaka inagunda phiri. Anafa pamodzi nawo ali ndi zaka 28. Mendulo yapamwamba ya Medal of Honor inabwera iye atapita kale.

Mpingo suombera m'manja mabomba. Pansi paja panalinso ana a Mulungu. Koma pa Yohane 10, Ambuye Yesu amasiyanitsa mbusa ndi waganyu pa nthawi imene mmbulu wafika. Taonani amene Pucket anawatsalira: sanali olimba mtima ayi, anali amantha aja amene anakana kumvera lamulo lake lomaliza.